Zikwa za NyaPhiri

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu inakhala yaulere, zipani zili mbwee, aliyense akukweza dzanja la chipani chake pamsewu. Ine ndinali kamtsikana kotha kusenza ndowa yodzaza, koma kosatha kulemba dzina. Tinkakhala ku Hewe, kumene chimanga chimatalika mpaka kubisa munthu wa pa njinga, fodya ali uku, mapiri ali uko. Bambo anga ankakonza misewu ku Chelinda, kumtunda kozizira kuja, ndipo ankatsika pa Khirisimasi ndi pa maliro basi.

Amayi anga anali Mchewa wa ku Kasungu. Kwao anali Naphiri, ku Hewe anawasandutsa NyaPhiri, iwo n'kuvomera. Anabwera ndi Chichewa chawo, n'chimene ndinayamwa, n'chimene ndimaimbira mpaka lero. Ng'ombe za malowolo zinapita ku Kasungu, ndiye ine ndi mng'ono wanga tinali ana a kwa Msiska. Pamenepa mugwirepo bwino, owerenga anga: kwathu kuja mkazi akabwezedwa kwao ankapita yekha ndi kachikwama kake, ana n'kutsala.

Masiku amenewo mabungwe ankatuluka ngati ngumbi. Kunabwera mayi wina wa ku Zomba pa njinga yamoto, nsapato zake zoyera, nasonkhanitsa amayi a m'mudzi pansi pa mtengo. Anatulutsa chikwa m'thumba. Chikwa ndi kanyumba kaja mbozi imadzilukira ikakhuta masamba, n'kudzitsekera mkati, n'kugona miyezi, podzuka ili gulugufe. Mayiyo anati ulusi wake ndi silika, ogula alipo. Anati tisunge zikwa zamoyo, agulugufe atuluke, aikire mazira pa mitengo ya pafupi, chaka chamawa zikwa zidzakhala pakhomo penipeni. Anakwera njinga yake, fumbi koboo, ndipo sitinamuonenso mpaka lero. Amayi ena anaseka naiwala. Amayi anga sankaiwala chinthu.

Mu Julaye, kuzizira kukuluma zala, alenje a mbewa asanayambe kutentha tchire, tinapita awiri kukathyola zikwa pa mitengo ya mfula. Zinali zotuwa, zonyezimira ngati malata atsopano, zolimba ngati chikopa. Chopanda kanthu chimapepuka. Chamoyo chimalemera, ndipo ukachifumbata, chikamva kutentha kwa dzanja lako, chimatembenuka mkati, tseketseke. Amayi ankachiika pakhutu, n'kuseka, n'kuimba:

Gona, gona, mwana wa mtengo,
moto ukubwera, ine ndakubereka.

Titafika kunyumba anachita zimene mkazi aliyense wosamala amachita ndi mbewu. Anatenga mphika wadothi, phulusa pansi kuopa nyerere, zikwa pamwamba pake, mbale kukamwa, n'kumata ndi dothi kuopa makoswe. Mphikawo unalowa kunsi kwa bedi, mumdima, momwe munkakhala mbewu ya nyemba ndi ya maungu. Ine ndinawavutitsa mpaka anandigawirako zingapo. Ndinazimanga pa luzi kuti ndizivala m'miyendo povina, koma sizinkalira bwino, ndiye ndinazikoloweka kuseri kwa khitchini, pansi pa udzu wa denga, n'kuziiwala.

Mavuto anabwera ndi dzuwa la Okutobala. Pakhomo pathu panali ankhazi, ndiye kuti mlongo wa bambo anga, NyaMsiska, amene anabwerako ku ukwati ndi kamwana kamodzi, Wezi. Mwana wawo woyamba anali ataikidwa kale m'manda, ndipo kuyambira pamenepo ankaona mdani paliponse. Wezi anadwala, thupi moto, maso kutembenuka. Ankhazi anathamangira m'nyumba mwathu kufuna beseni, napisa dzanja kunsi kwa bedi, n'kukoka mphika womata. Anaumatula. Anatolamo chikwa chimodzi. Chikwacho chinamva kutentha kwa dzanja, n'kutembenuka.

Kukuwa kwa ankhazi kunafika mpaka ku chigayo. Anthu anasonkhana, wina akusuzumira mumphika, wina akubwerera cham'mbuyo, wina akulavula. Ankhazi ankangobwereza mawu amodzi, kuti Mchewa uyu akuweta tinthu kunsi kwa bedi, tinthu topuma, ndipo tayamba kudya mwana.

Mlandu unapita kwa asekuru, bambo awo a bambo anga. Anali mkulu wa mpingo, munthu wofatsa, magalasi awo omanga ndi ulusi mbali imodzi. Ndiwo ankaimba belu la tchalitchi m'mawa uliwonse, belu lake chitsulo cha gudumu la lole chopachika mumtengo. Tsono mwambo wa kwathu sulola mkamwana, mkazi wa mwana wako, kuyankhulana ndi apongozi ake aamuna. Amayi anagwada kuseri kwa nkhokwe atafulatira, asekuru anakhala pampando pakhonde, ndipo ine ndinali miyendo ya mawu. Onse awiri ankamvana bwinobwino, mtunda wake wongoponya chitsononkho, koma mawu ankayenera kudzera mwa ine.

"Lusungu," anatero asekuru, "kawafunse amayi ako kuti izi n'chiyani."

Ndinathamanga. "Akuti izi n'chiyani?"

"Ndamva," amayi ananong'ona. "Kawauze kuti ndi zikwa. Muli agulugufe. Mvula ikagwa atuluka."

Ndinathamanganso. "Akuti muli agulugufe."

"Agulugufe a mumphika," ankhazi analowerera. "Adada, inu munaonapo gulugufe wophika? Kwao ku Kasungu amathira ndi nsinjiro?"

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mantha. Asekuru anapukuta magalasi. Anati choyamba mwana akwere njinga apite kuchipatala, tsopano lino. Chachiwiri, mphika ukatsekeredwe m'sitolo mwawo, momwe ankasunga feteleza, kiyi akhale m'thumba mwawo. Mvula ikagwa tione agulugufe. Akapanda kuoneka, bambo anga akatsika pa Khirisimasi tidzakamba za ulendo wa ku Kasungu. Amayi anandituma kukapempha chinthu chimodzi chokha, kuti mphikawo aumatenso bwino, makoswe a m'sitolo angadye umboni wawo. Anaumata. Sitoloyo inalibe zenera ngakhale limodzi.

Wezi anachira. Anali malungo, anamubaya jekeseni, anabwerako akupempha mango. Ine ndinavina poganiza kuti nkhani yatha. Koma ankhazi anati, "Mwaona? Atangotsekera mphika uja mwana wadzuka." Kuchira kwa Wezi kunasanduka mlandu wina pamutu pa amayi.

Kumjigo amayi akafika, ndowa za anzawo zinkasendera. Akapereka ndiwo pa bwalo, mbale inkabwerera yodzaza. Anasiya kuimba, ndipo nyumba yathu inakhala ngati ya eni ake ena. Anayamba kundiphunzitsa zinthu mothamanga: kuluka tsitsi la mng'ono wanga, kusoka chigamba, kudziwa ufa wotsala pongogwira thumba. Sananene chifukwa chake. Ine ndinadziwa. Ndinkakana dala kuluka bwino, kuti mwina akaona ndikulephera sapita.

Mvula inabwera kumapeto kwa Novembala, yamabingu, fungo la dothi likukwera mpaka kukhosi. Ngumbi zinatuluka. Achule anayamba misonkhano yawo. M'tchire zikwa za pa mfula zinabooka, ndipo ana opita kusukulu ankapeza mapiko obiriwira atagwera m'njira. Asekuru anatsekula sitolo anthu akuona, namatula mphika. Zii. Zikwa zili phee pa phulusa, monga tinaziikira. Anamatanso. Lamulungu lina anatsekulanso. Zii.

"Agulugufe a ku Kasungu amadikira basi ya masana," anatero ankhazi.

Amayi anachapa zitenje zawo zonse n'kuzipinda. Ndinaona kachikwama katatsika pa msomali.

Tsiku lina masana, mvula itangokata, ndinazungulira kuseri kwa khitchini kukayanika nsanza. Ndinakweza maso, n'kuona luzi langa lija, loiwalika lija. Zikwa zina zinali zobooka kumutu, zopepuka, mphepo ikuzigwedeza. Ndipo pa chimodzi panakangamira chinthu chonyowa, chokwinyika ngati chitenje chongochotsa m'beseni. Ndinaima. Chinthucho chinanjenjemera, n'kuyamba kutambasuka, kutambasuka, kutambasuka, mpaka chinakhala gulugufe wamkulu ngati chikhatho cha bambo, wobiriwira ngati tsamba lanthete la nthochi, maso ojambula pa mapiko, michira iwiri italiitali kumbuyo. Mayo ine, kukongola kwake. Ndinamasula luzi pang'onopang'ono, n'kuyenda nalo ngati ndanyamula mgonero wa Ambuye, mpaka pakhonde pa asekuru.

Amayi anabwera nagwada kuseri kwa nkhokwe. Ankhazi anabwera manja ali m'chiuno.

"Izo ndi za mwana, zoseweretsa," anatero. "Ife tikunena za mumphika. Zija n'zina."

Asekuru anamuyang'ana gulugufe uja nthawi yaitali. Kenaka miyendo yanga inayamba ntchito.

"Kawafunse amayi ako ngati izi ndi zija anathyola pa mitengo imodzi."

"Akuti mitengo imodzi, tsiku limodzi."

"Kawafunse ngati za pa luzi zinanyowa ndi mvula."

Apa ndinayankha ndekha, kuti ayi, udzu wa denga unkaziphimba, mvula sinkafikapo.

"Ndiye si mvula imene yazidzutsa," anatero asekuru, akuyankhula ngati akudziuza okha. "Kutentha? M'sitolo mwanga muja ndi malata, masana mumatentha mpaka feteleza kulira thukuta. Si kutenthanso."

Anatulutsa kiyi, natenga chikwa chimodzi cha mumphika, n'kuchicheka kumutu ndi lezala, mosamala ngati akuchotsa minga. Mkati munali kanthu kofiirira, konga chala chachikulu, kopanda miyendo, kopanda mapiko. Anakakhudza. Kanagwedeza kumchira. Ankhazi anabwerera m'mbuyo.

Asekuru anati, "Sikanafe. Kagona. Lusungu, kawafunse amayi ako, anzake adzuka, aka sikakudzuka bwanji?"

Ndinathamanga. Amayi anakanda dothi ndi chala. Kenaka anati, "Kawauze kuti ndinazisunga ngati mbewu. Mbewu imakonda mdima. Koma izi zinabadwira pa nthambi, poyera. Mwina sizikudziwa kuti kunja kwacha."

Sindinathamange n'komwe, asekuru anali atamva kale, ndipo anaiwala kudikira miyendo yanga. Anamenya bondo.

"Belu," anatero. "Ine ndimaimba belu nthawi imodzimodzi chaka chonse, wotchi yanga siyinama. Mu Juni ndimafika pamtengo paja kukadali mbuu, dzuwa lisanasuzumire paphiri. Masiku ano limandipeza ndisanamange nsapato, ndipo madzulo limakana kulowa. Usana watalika. Za pa luzi zakhala zikuona usana ukutalika pang'onopang'ono, zadziwa kuti masamba aphuka, nthawi yakwana. Izi zinalowa mumphika usana uli waufupi. Kwa izo ukadali Julaye."

"Ndiye tinthu timeneti tili ndi wotchi," anatero ankhazi. "Mukuonjezera mantha anga, adada."

"Nkhuku yako ilibe wotchi, koma imadziwa nthawi yokwera pa chisa. Lusungu, bweretsa luzi lina."

Anazimanga okha ndi manja awo, chimodzichimodzi, n'kuzipachika pakhonde pawo, mbali yotulukira dzuwa. Muganize, mkulu wa mpingo, khonde lake lili lendelende ndi zinthu zimene mudzi wonse unkazitcha zithumwa. Akulu anzawo a mpingo anabwera kudzawachenjeza. Iwo anangoti, "Zikandidya mudzaimba belu ndinu."

Tsono tinayamba kudikira, ndipo Khirisimasi inali pafupi. M'mawa uliwonse ndisanasese ndinkathamangira pakhonde paja. Dzuwa likuwomba zikwa, zikwa zikunyezimira, koma zii. Ndinkafuna kuzigwedeza, kuzikuwira m'makutu. Asekuru ankandigwira dzanja. "Usazigwedeze. Zikuwerenga. Munthu akamawerenga samusokoneza." Ine ndinkaziimbira chapansipansi nyimbo ya amayi ija nditaitembenuza:

Dzuka, dzuka, mwana wa mtengo,
moto unapita, amayi asapite.

Bambo anatsika ku Chelinda ndi jekete lawo lonunkha utsi wa paini, zikwa zisanabooke. Anamva nkhani mbali zonse, nakhala mutu uli pansi. Ankawakonda amayi, koma mlongo ndi mlongo, mudzi ndi mudzi. Anapempha kuti Khirisimasi idutse kaye. Inadutsa, tinadya mpunga wosakoma m'kamwa. Chaka chatsopano chisanafike, abale anasonkhana masana pakhonde pa asekuru, pansi pa luzi lomwe lija, poti mthunzi unali pomwepo. Amayi kuseri kwa nkhokwe, kachikwama kali pafupi. Ine pakati.

Panali mkulu wawo wa bambo, wadazi lonyezimira, wodziwa kuyankhula. Anayamba bwino, anati palibe akuda NyaPhiri, koma mtendere wa pamudzi ndi waukulu, mwina apite kaye kwao akapume. Ali mkati molongosola za ndalama ya basi, dontho linagwa pa dazi pawo. Anapukuta, nayang'ana kumwamba kufuna mtambo. Kunalibe mtambo. Kunali gulugufe. Anali atatuluka mwakachetechete anthu ali kalikiliki ndi mlandu, atakangamira pa chikwa chake, michira ili lende, akutaya madzi ake oyamba pa mutu wa woweruza. Pafupi naye chikwa china chinali chitanyowa kumutu, kamutu kaubweya kakukankha, kakukankha.

Tonse tinangokweza nkhope ngati anapiye. Bambo ndiwo anayamba kuseka, kuseka kogwetsa misozi, ndipo ena anatsatira, mwini dazi yemwe anaseka akupukutabe. Wezi anakoka chitenje cha amayi ake kuti amunyamule aone. Ankhazi anamunyamula. Anayang'ana gulugufe wachiwiri uja akutuluka, mwendo umodzi, mwendo wina, thupi lonse. Anayang'ana mpaka mapiko atatambasuka. Kenaka anatsitsa mwana, nazungulira kuseri kwa nkhokwe, nakhala pansi pafupi ndi amayi. Ine ndinali pomwepo, ndinamva.

"Alamu, mwana wanga woyamba uja anapita ndikumuyang'ana chonchi. Wezi atatembenuza maso, mutu wanga unachoka."

"Ndikudziwa, alamu," anatero amayi. "Inenso ndikanakuwa."

Ankhazi anatola kachikwama kaja, nakalowetsa okha m'nyumba mwathu, n'kukakoloweka pa msomali.

Asekuru anatuma munthu kugwira nkhuku yaikazi, yoyera, yoikira. Kwathu apongozi akapereka mphatso yotere, ndiye kuti atsekula pakamwa pa mkamwana. Anandiitana.

"Lusungu, kawapatse amayi ako nkhuku iyi. Ukawauze kuti kuyambira lero miyendo yako ipume."

Ndinapita nayo. Amayi anailandira ndi manja awiri, natembenuka ali chigwadire, kuyang'ana khonde koyamba chikwatiwire.

"Yewo chomene, adada," anathokoza m'Chitumbuka ndi pakamwa pawo.

"Yewo, mama," anayankha asekuru. "Chaka chamawa mphika usungire nyemba."

Madzulo amenewo amayi anaimba akutsuka mbale, ndipo ine ndinaluka tsitsi la mng'ono wanga mizere yowongoka bwino, poti panalibenso chifukwa cholephera.

Sizinatuluke zonse, ayi. Zina zinafera mkati, mdima unazitalikira. Zina zinachedwa mpaka chimanga chitamasula ngaiyaye. Silika sitinagulitse ngakhale kaulusi kamodzi, mayi wa nsapato zoyera akadali m'njira. Koma agulugufe aja anaikira mazira pa mfula wa kuseri kwa tchalitchi, ndipo mpaka pano ana a ku Hewe kwathu amatola mapiko obiriwira pamenepo mvula ikayamba. Amawatcha agulugufe a NyaPhiri, osadziwa n'komwe kuti NyaPhiri wake ndi gogo uja amakhala pakhonde kuothera dzuwa, mano atatha, nyimbo zisanathe.

Mwana wanga wotsiriza, amene ali ku sekondale, anandiuza kuti za asekuru zija zilimo m'mabuku. Akuti mitundu ina ya tinthu timeneti ili ndi kamalo koyera pamutu, ngati kazenera, kolowetsa kuwala ngakhale kali m'chikwa. Usana ukakhala waufupi kamapitiriza tulo, ukatalika kamayamba kumera mapiko. Nditamva ndinadzuka n'kuvina pabwalo, adzukulu anga akundizungulira osadziwa chovinira. Ndinavinira asekuru ndi belu lawo, ndinavinira amayi ndi mphika wawo.

Lero ndine gogo, ndimakhala pamudzi pomwe paja ndi amayi, ndipo nanenso ndili ndi mkamwana. Mwana wanga anamutenga kutali, ku Mulanje. Anafika wachete, wosadziwa Chitumbuka, womangokhala m'chipinda chitseko chili chotseka. Anzanga kumjigo anayamba kale, akuti ndi wonyada, akuti akubisa kanthu. Ine ndinakumbukira mphika uja. Amayi anautseka chifukwa cha chikondi, asekuru anaukhomera chifukwa cha chilungamo, onse ankafuna zabwino, koma chamoyo chinali mkatimo sichikanadzuka popanda kuona usana. Ndiye sindinamugwedeze mtsikanayo, sindinamufunse mafunso. Ndinangoyala mphasa pakhonde, mbali yotulukira dzuwa, pafupi ndi gogo NyaPhiri, n'kumupempha kuti azindithandiza kusankha nyemba pamenepo m'mawa. Anthu akudutsa, akupereka moni, gogo akumuyankhula Chichewa cha ku Kasungu, iye chete, nyemba zikugwa m'lichero. Miyezi inapita choncho.

Sabata yatha ndikuchokera kudimba ndinamva nyimbo pakhonde, mawu awiri, ena okalamba, ena anthete. Gona, gona, mwana wa mtengo. Ndinaima kuseri kwa nkhokwe, pamalo pomwe amayi ankagwada, khasu lili paphewa, ndipo sindinatulukire mpaka anamaliza.